Kupaka kauntala yakale ya Formica kuti ioneke ngati mwala

Aliyense wolowa m'khitchini mwanga amayamba wagogoda kauntala ndi chala, kenako n'kufunsa kumene ndinagula mwala umenewu. Ndikamuuza kuti ndi Formica yakale yomwe ija ndipo ndinangoipaka, mafunso amabwera omweomwewo: penti wake ndi uti, sasupuka kodi, nanga poto wotentha? Ndayankha mpaka kukamwa kuuma. Ndiye ndalemba pano kamodzi, kuti wofunsa ndizingomulozera.

Musanagule chilichonse, imvani ichi. Kujambula maonekedwe a mwala ndi gawo losavuta pa ntchito yonseyi, ngakhale mwana atha kuchita ndi siponji. Chimene chimasiyanitsa kauntala yokhala zaka ndi yosupuka pakangotha miyezi yochepa ndi ntchito yosaoneka ija, yomwe mumagwira musanatsegule chitini cha penti. Yanga yoyamba inaoneka bwino kwambiri, koma pasanathe miyezi itatu inayamba kufunduka m'mbali mwa sinki ngati khungu la njoka. Vuto silinali penti. Linali ine ndi changu changa.

Dziwani kaye chimene mukupakacho. Formica ndi dzina la kampani yomwe Daniel O'Conor ndi Herbert Faber anayambitsa ku America mu 1913, ndipo poyamba ankapanga zotchingira magetsi zolowa m'malo mwa mwala wa mica. Dzinali linafala mpaka laminate iliyonse timangoitcha Formica. Laminate ndi mapepala angapo oviikidwa mu utomoni, opanikizidwa pamodzi pa kutentha kwakukulu, ndipo pamwamba pake pali utomoni wolimba wotchedwa melamine. Kukhuthala kwake ndi pafupifupi milimita imodzi basi. Pansi pake pali thabwa la utuchi womata, limene akalipentala amati chipibodi. Melamine anaipanga dala kuti chilichonse chisamamatire: mafuta, madzi, dothi. Ndiye inu mukufuna penti amatire pamalo amene anapangidwira kukana zomata. Ntchito yonse yagona pamenepo.

1. Onani ngati kauntala yanu ili yoyenera kupaka

Zokandika, zosuluka mtundu, zopserera pang'ono ndi zobenthuka m'mphepete, zonsezi zimabisika. Chimene penti sangachize ndi thabwa lofufuma. Dinani ndi chala chachikulu mozungulira sinki, pafupi ndi mpopi, ndi pamene matabwa awiri akumana. Ngati pali potupa kapena pofewa, madzi analowa kale mu chipibodi, ndipo chipibodi chikafufuma sichibwereranso. Gawo limenelo lidulidwe n'kuikapo lina, apo ayi sinthani kauntala yonse. Gogodaninso paliponse. Pamene pakumveka phokoso la mphako, laminate yamatuka. Ngati ndi m'mphepete, itukuleni pang'ono, pakani guluu wa contact mbali zonse ziwiri, dikirani aume mpaka asamamatire ku chala, kenako panikizani mwamphamvu.

2. Sankhani njira

Pali njira zingapo. Ina ndi ya penti wopaka ndi siponji n'kuphimba ndi chotetezera choonekera, monga mmene zida za Giani zimagwirira ntchito. Ina ndi yomwaza tizidutswa ta mitundumitundu pa penti wosauma, mawa lake n'kukwecha kuti pasalale, monga ya Rust-Oleum. Ina ndi phala lokhala ndi mwala weniweni woperapera lopaka ndi rola, monga SpreadStone ya Daich. Yomaliza ndi yothira epoxy wokhuthala, utomoni woonekera umene umalimba n'kukhala ngati pulasitiki.

Pano ndifotokoza ya siponji yophimba ndi epoxy, chifukwa ndi imene ndimagwiritsa ntchito, ndipo ndi imene imapatsa mwala kuya kuja kooneka ngati mungalowetsemo chala. Koma kukonzekera kwake ndi kofanana pa njira zonse. Chenjezo limodzi: musasakanize zinthu za makampani osiyana mwachisawawa. Ngati mwagula zida zobwera pamodzi, tsatirani pepala lake, ndipo likasiyana ndi zimene ndalemba pano pa nthawi youma kapena kasakanizidwe, mverani pepalalo.

3. Chotsani silikoni yense

Apa ndi pamene malangizo ambiri amangodutsa ndi mzere umodzi, ndipo ndi pamene panandigwetsa ine.

Silikoni ndi chomatira chofewa ngati labala chija chimene chimatseka mpata pakati pa sinki ndi kauntala, komanso pakati pa kauntala ndi khoma. Palibe penti, primer (penti woyamba wa pansi) kapena epoxy amene amamatira pa silikoni. Choipa kwambiri n'chakuti mukachotsa wooneka uja, pamatsala kamafuta kopyapyala kosaoneka ndi maso. Penti akafika pamenepo amathawa, n'kusiya timabowo tozungulira ngati diso la nsomba. Nthawi zina sathawa pomwepo, amangokhala pamwamba osagwira, ndipo tsiku lina madzi amapeza polowera. Ndipo taonani tsoka lake: silikoni amakhala pamalo enieni amene madzi amafika tsiku ndi tsiku.

Chitani motere. Dulani ndi lezala mbali zonse ziwiri za mzere wa silikoni, pansi ndi m'mbali, kenako kokani kuti atuluke ngati chingwe. Zotsalira zipaleni ndi lezala yogoneka. Mukatero pakani mankhwala ochotsera silikoni, kapena mineral spirits (mafuta osungunulira penti) ngati amenewo mulibe, dikirani afewetse, palaninso ndi chopalira cha pulasitiki. Pomaliza pukutani ndi isopropyl, spiriti wopukutira zinthu. Popukutapo pali luso lake: pukutani kamodzi kulowera mbali imodzi, pindani kansaluko, pukutaninso ndi mbali yoyera. Mukamapukuta mozungulirazungulira ndi kansalu komweko, mukungosamutsa silikoni kuchoka pa sinki kupita pakati pa kauntala.

Cholakwa chachikulu ndi kuganiza kuti sandipepa amaliza zotsalazo. Sandipepa sachotsa silikoni, amamupaka paliponse pamene wadutsa ndi kumulowetsa m'mikwingwirima yomwe. Choncho sandipepa asayandikire kufikira silikoni atatheratu.

Mudziwa bwanji kuti watha? Wazani madzi pang'ono ndi zala pamalopo ndi pamalo ena akutali ndi sinki, muyerekeze. Pamene madzi akudzikundika kukhala timikanda tozungulira kuposa kwina, silikoni akadalipo. Bwerezani. Ine ndimabwereza katatu kapena kanayi, ndipo sindinanong'onezepo bondo.

Chinanso chimene ambiri sadziwa: mankhwala ambiri opopera owalitsira mipando amakhala ndi silikoni. Ngati kauntala yanu inkawalitsidwa ndi zoterozo, ipukuteni yonse ngati mmene mwachitira pa sinki.

Za sinki yeniyeniyo, ngati ndi yokhala pamwamba ndipo mungathe kumasula zoigwira kunsi ndi mapaipi, ichotseni. Inde, ndi ntchito yotopetsa, ndipo ambiri amafuna ndiwauze kuti si yofunika. Koma mukaichotsa, penti amalowa pansi pa mlomo wa sinki, ndipo mukaibwezera mlomowo umaphimba pothera penti, madzi osapeza poyambira. Ngati simungathe, matani tepi pa sinki mosiya kampata ka milimita 2, kuti pomaliza mudzatseke ndi silikoni watsopano.

4. Tsukani mafuta

Kauntala ya m'khitchini imakhala ndi mafuta a zaka, makamaka pafupi ndi chitofu, ngakhale ikuoneka yoyera. Tsukani ndi mankhwala amphamvu ochotsa mafuta, monga TSP kapena sugar soap, mutavala magolovesi. Tsukuluzani kawiri ndi madzi oyera, chifukwa sopo wotsalira nayenso amalepheretsa penti kugwira. Musaiwale kunsi kwa mphepete, pamene manja amagwira potsegula madirowa. Kutsuka kumayamba, kukwecha kumatsatira. Mukasemphanitsa, mafuta mumawakwirira m'mikwingwirima.

5. Kwechani

Sandipepa wa nambala 120 mpaka 150 ndi wokwanira. Nambala ikachepa ndiye kuti mchenga wake ndi waukulu. Cholinga si kuchotsa laminate, koma kupha kuwala kwake kuti primer apeze pogwira. Zimitsani magetsi, gonekani tochi pa kauntala, muone mopingasa. Paliponse ponyezimira ndi pamene sandipepa sanafike, ndipo kawirikawiri ndi m'makona ndi m'tsinde mwa khoma, mmene dzanja limachita ulesi.

Ngati mphepete ndi yakuthwa, iphwetseni pang'ono. Epoxy amathawa pangodya yakuthwa n'kusiya popyapyala, ndipo pamenepo ndi pamene pamayamba kutha chifukwa cha kutsamira. Koma kumbukirani milimita imodzi ija. Mukaona mtundu wa thabwa ukutuluka, mwapitirira.

Valani chotchinga pamphuno. Mukamaliza kokani fumbi ndi makina kapena kansalu konyowa, pukutaninso ndi isopropyl, musiye paume.

6. Tsekani mabowo, matani tepi

Zobenthuka ndi mipata ya polumikiza muzidzaze ndi phala losakaniza zinthu ziwiri, lija amagwiritsa ntchito owongola magalimoto, kapena la epoxy. Phala la khoma ndi lofewa, silipirira. Likauma kwechani mpaka chala chisamve pamene layambira. Matani tepi pa khoma ndi m'mbali mwa chitofu, phimbani makabati ndi pulasitiki, ndipo pansi yalani makatoni pamwamba pa pulasitiki. Epoxy akadonthera pa matailosi n'kuuma, mudzamuona moyo wanu wonse.

Ikani levulo pa kauntala, mbali zonse ziwiri. Epoxy amayenda ngati uchi kutsata kotsika, ndiye ngati kauntala yapendekeka muzadziwiretu kumene adzathamangire.

7. Pakani primer, kenako muyeseni

Primer ndi penti woyamba amene amagwira pansi n'kupatsa wotsatira pogwira. Mufunika wolembedwa kuti ndi womatira pa zinthu zosalala ngati laminate ndi matailosi, osati wa khoma wamba. Pakani mopyapyala ndi rola yaing'ono ya siponji, m'makona ndi bulashi. Kawiri mopyapyala kuposa kamodzi mokhuthala.

Mawa lake muyeseni. Pamalo pobisika, chekani ndi lezala timizere topingasana ngati timabokosi ting'onoting'ono, matanipo tepi yomata kwambiri, ipanikizeni, muikoke mwamphamvu kamodzi. Ikatuluka yoyera, pitirizani. Ikanyamula timabokosi ta primer, imani pomwepo, mubwerere ku kutsuka ndi kukwecha. Zimawawa, koma kubwerera pano kumadya tsiku limodzi, pamene kubwerera epoxy atauma kumadya sabata ndi zipangizo zonse. Yesaninso pafupi ndi sinki, chifukwa pamenepo ndi pamene pali mlandu.

8. Jambulani mwala

Pezani chithunzi cha mwala weniweni, muchiike pamene mukuchiona. Musajambule kuchokera m'mutu, chifukwa mutu umakonda dongosolo ndipo mwala ulibe dongosolo. Yambani pa katoni.

Granite ndi yosavuta. Mwala umenewu ndi timadontho ta quartz, feldspar ndi mica tosakanikirana, ndiye mumayamba mwapaka mtundu wakuda wa pansi, pamwamba pake n'kudinda mitundu itatu ndi siponji ya m'nyanja yong'ambidwa, kuyambira woderapo kumalizira wowala. Viikani pang'ono, dindani kaye pa pepala kuti penti achepe, ndipo muzitembenuza dzanja nthawi iliyonse. Mukapanda kutembenuza, chidindo chomwecho chimabwerezeka ngati mapazi a nkhuku. Kwina muunjike, kwina musiye mtundu wa pansi uonekere.

Nsangalabwi, mwala woyera wa mitsempha uja, imafuna dzanja lodekha. Pansi pakhale poyera, mitsempha yotuwa muijambule ndi kabulashi kowonda kapena nthenga, yoyenda mopendekera mbali imodzi, kwina yonenepa kwina yozimirira. Isanaume iwazeni timadzi pang'ono, muisisite ndi bulashi youma yofewa kuti ilowerere. Mitsempha yochepa ndiyo imanamiza maso. Yochuluka imaoneka ngati mapu a misewu.

Mtsempha ukafika m'mphepete utsike nawo mpaka kunsi, pakuti mwala weniweni suthera pangodya. Mphindi zingapo zilizonse pitani pakhomo mukaone kuchokera patali. Mukayamba kuganiza zowonjezera kamodzi komaliza, ikani siponji pansi. Siyani paume usiku wonse, popeza chinyezi chotsekeredwa pansi pa epoxy chimachita mtambo. Totumphuka ta penti tikwecheni mopepuka ndi sandipepa wa 220, muchotse fumbi.

9. Thirani epoxy

Epoxy sauma ngati penti. Ndi zinthu ziwiri, utomoni ndi cholimbitsa, zimene zikakumana zimasanduka pulasitiki yolimba. Ndiye muyeso ukalakwika kapena kusakaniza kukaperewera, palibe kudikira kumene kungathandize. Pamakhala ponata mpaka kalekale. Ambiri a pa kauntala amasakanizidwa muyeso wofanana, 1 kwa 1 poyeza ndi chikho, koma werengani pa botolo lanu. Kuwonjezera cholimbitsa sikufulumizitsa kanthu, kumangowononga.

Kuchuluka kwake werengani chonchi: lita imodzi pa sikweya mita imodzi imakhuthala milimita imodzi. Kauntala ya mamita 3 m'litali ndi masentimita 60 m'lifupi ndi masikweya mita 1.8, ndiye pa milimita 2 mufunika malita 3.6, kuwonjezerapo wodonthera m'mphepete. Gulani woposerapo. Kuperewedwa pakati pa ntchito kumasiya mzere umene sufafanizika.

M'chipinda mukhale motentha pakati pa madigiri 21 ndi 27. Kukazizira epoxy amakhuthala ngati phala, timathovu ta mpweya sitituluka. Tsiku la chinyezi chambiri lipeweni. Valani magolovesi a nitrile, zoteteza maso, ndi chotchinga mphuno chosefa nthunzi za mankhwala. Epoxy wosauma akamakhudza khungu mobwerezabwereza, thupi limatha kuyamba kudana naye, ndipo likatero silisinthanso. Akakugwerani sambani ndi sopo ndi madzi, osati thina.

Takasani pang'onopang'ono mphindi 3 mpaka 5, mukupala m'mbali ndi pansi pa chidebe. Kenako khuthulirani mu chidebe china choyera, mutakasenso mphindi imodzi kapena ziwiri. Chidebe chachiwirichi chimakupulumutsani ku zosasakanizika zokakamira m'mbali mwa choyamba. Pa chifukwa chomwecho, pothira musapale chidebe kuti mupeze dontho lomaliza.

Thirani nthawi yomweyo. Epoxy akakhala mulu mu chidebe amadzitenthetsa yekha n'kulimba msanga, mwina mpaka kufuka utsi. Akayalidwa amakupatsani mphindi za pakati pa 20 ndi 40, kutengera mtundu ndi kutentha. Mwazani ndi chopalira cha mano kapena rola, mumusiye asefukire m'mphepete, musisite mphepetezo ndi chala cha golovesi kuti pasatsale pouma. Khalani awiri, wina kusakaniza wina kuyala.

Timathovu mumatiphulitsa ndi kamoto ka gasi kapena makina opemerera mpweya wotentha, pa mtunda wa masentimita 15 mpaka 20, dzanja likuyenda osaima. Mukaima pamodzi mumawotcha. Musanayatse, botolo la isopropyl ndi nsanza zonse zonyowa nalo zituluke m'chipindamo. Pitaninso kachiwiri pakatha mphindi khumi, kenako lekani.

Kwa ola limodzi kapena awiri muzibwera kudzapala madontho olendewera kunsi kwa mphepete ndi kamtengo. Tepi ichotseni epoxy atayamba kugwirana koma asanalimbe. Mukachedwa imakwiririka momwemo. Mukamaliza tsekani mawindo a mbali ya mphepo ndi chitseko. Fumbi, ntchentche ndi mphaka zonse zimakonda epoxy wosauma. Kachirombo kakagwera mochedwa kasiyeni, mudzakwecha pouma. Kukatola ndi chala kumasiya dzenje loposa kachiromboko.

Ngati epoxy wakuopsani, vanishi wa polyurethane wosungunulira ndi madzi wopaka katatu kapena kanayi amagwiranso ntchito, kungoti alibe kuya kuja ndipo amatha msanga. Wa mafuta musamuike pa mtundu woyera, amasanduka wachikasu.

10. Dikirani, kenako bwezerani sinki

Pakatha tsiku limodzi pamaoneka pouma, ndipo apa ndi pamene anthu amaika ketulo n'kupeza chidindo chake chozungulira chitatsala. Zinthu zopepuka zidikire masiku atatu. Zolemera, monga microwave, zidikire sabata yathunthu kapena kuposerapo, pakuti epoxy ena amafika pa kulimba kwenikweni pakatha masiku 30. Sinki ibwezereni pakatha masiku atatuwo, muitseke ndi silikoni watsopano mozungulira monse, ndi m'tsinde mwa khoma momwe. Tsopano silikoni ndi bwenzi lanu, popeza wakhala pamwamba pa penti, osati pansi pake.

Funso la poto lija: ayi. Ndi pulasitiki yooneka ngati mwala, si mwala. Poto wochokera pamoto amasiya bwalo lofewa kapena lotuwa, ndiye ikani chotsamiritsa. Dulirani pa thabwa, osati pa kauntala. Tsukani ndi sopo wa mbale ndi kansalu kofewa, osati waya kapena ufa wokwechera. Epoxy aliyense amapita ku chikasu pang'onopang'ono akamawombedwa ndi dzuwa, ndipo pa nsangalabwi yoyera zimaoneka msanga kuposa pa granite yakuda, choncho ngati kauntala yanu ili pansi pa windo lolowa dzuwa tsiku lonse, sankhani mtundu woderapo. Ikadzakandika pakapita zaka, simuyambiranso zonse: tsukani mafuta, kwechani ndi 220 mpaka kuwala kufe, pukutani ndi isopropyl, muthire epoxy wina wopyapyala pamwamba. Silikoni wa pa sinki uja muyambe mwamuchotsa, monga pa nambala 3.